Kilipi, jeki, banana kapena Speakon: chimene ndimaika kumbuyo kwa masipika aang'ono

Anzanga amene timaimba nawo m'maukwati ndi m'matchalitchi akhala akundifunsa chifukwa chake ndinazula timakilipi ta sipuling'i kumbuyo kwa masipika anga onse aang'ono. Ndiyankhe kamodzi pano.

Zinandionekera pa chinkhoswe china m'nyengo ya mvula. Ndinali ndi masipika awiri a ma ohm 4 (ohm ndi muyezo wa mmene sipika imakanizira magetsi kudutsa) amene ndinangogula kumene, okhala ndi timakilipi tija, kofiira ndi kakuda, timene umadina n'kulowetsa waya. Perekaniperekani ali mkati, munthu wina anakodwa ndi waya. Wayayo sanachoke yense ayi. Kaulusi kamodzi ka kopa, kowonda ngati tsitsi, kanatuluka pa kilipi yofiira n'kukhudza yakuda. Ampulifaya inachita shoti, mbali imodzi n'kupseratu. Anthu ndalama zili m'manja, nyimbo zii. Ndalama yokonzetsera inaposa mtengo wa masipika awiriwo, ndipo zimene wogulitsa sanandiuze n'zoti timakilipi totere ndi ta wailesi ya pabalaza, osati bokosi loyenda nalo m'galimoto sabata ndi sabata.

Vuto la kilipi ndi ili. Imagwira waya pa kamalo kakang'ono, ndipo chimene chimaupanikiza ndi kasipuling'i kamene kamafooka ukamagwiritsidwa ntchito. Kabowo kake n'kochepa, moti waya wokhuthala bwino salowa. Munthu amadula timaulusi tina kuti alowe, kapena amasiya tina panja, ndipo shoti imayambira pamenepo. Komanso musaiwale kuti sipika ya ma ohm 4 ikamalandira mawati 100 pamadutsa ma amp 5 (amp ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi odutsa). Mphamvu yonseyo ikudutsa pa kamalo kolobodoka, pamatentha. Bokosi laling'ono ndi lopepuka, limanjenjemera lonse besi ikagunda, ndiye wayayo amasuntha pang'onopang'ono. Onjezanipo chinyezi cha Januwale: kopa amada, kenako amabiriwira, mawu n'kuyamba kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Ambiri amathamangira kusintha sipika yeniyeniyo pamene cholakwika chili kunja kwa bokosi.

Jeki ya mamilimita 6.35, pulagi ngati ya pa waya wa gitala, sindiikonda ngakhale imapezeka paliponse. Inachokera ku makina olumikizira matelefoni a m'zaka za m'ma 1800, sinapangidwire mphamvu ya ampulifaya. Ukamailowetsa kapena kuizula, nsonga yake imatha kugunditsa mbali ziwiri kwa kamphindi, ndipo ngati ampulifaya ili yoyaka imeneyo ndi shoti. Imasololoka mosavuta, komanso mnyamata wothandiza amatha kutenga waya wa gitala, amene mkati mwake ndi wowonda kwambiri, n'kulumikizira sipika chifukwa mitu yake ndi yofanana.

Zolumikizira zimene umamanga waya ndi sikulu, zimene zimalandiranso pulagi ya banana ya mamilimita 4, n'zabwino ngati sipika imangokhala pa shelefu kunyumba. Zimalola waya wamkulu ndipo zimagwira zolimba. Koma musapake mtovu kumapeto kwa waya musanaumange ndi sikulu. Mtovu ndi wofewa, umaphwanyika pang'onopang'ono pansi pa sikulu, ndipo pakapita miyezi mumapeza palobodoka. Potani timaulusi bwinobwino n'kumanga choncho, kapena ikani banana.

Ine mtima wanga uli pa pulagi yotchedwa Speakon, ndipo sindibisa. Anaipanga a kampani ya Neutrik ya ku Liechtenstein m'chaka cha 1987, poganizira masipika basi. Umailowetsa n'kupotoza mpaka imve kuti khethe, ndipo sichoka pokhapokha ukoke kachotsekera. Zitsulo zake zili mkati mwa pulasitiki, chala sichingakhudze, kaulusi kosochera sikangagunditse mbali ziwiri. Imanyamula ma amp 30, kutali kwambiri ndi ma amp 5 amene kabokosi kathu kamafuna. Ya mtundu wotchedwa NL4 ili ndi malo anayi olumikizira. Pa sipika wamba mumagwiritsa malo awiri olembedwa 1+ ndi 1- basi. Kuipa kwake ndi mtengo, komanso zachinyengo zachuluka. Ndinagulapo ina yooneka chimodzimodzi imene kachotsekera kake kanathyoka mwezi usanathe. Chinanso, mumayenera kuboola bowo la pafupifupi mamilimita 24, ndipo pa bokosi lotsekedwa muyenera kumata m'mbali mwake kuti mpweya usatuluke. Mukasiya kampata, kamaimba likhweru besi ikamagunda.

Mkati mwa bokosi ndi mmene anthu ambiri sayang'anamo. Mafakitale amakonda timitu tongokankha pa timiyendo ta sipika chifukwa n'zachangu. Tikakhala tatsopano timagwira, koma ndatsegulapo mabokosi angapo n'kupeza kamodzi katasololoka kokha chifukwa cha kunjenjemera. Ine ndimawotcherera ndi mtovu, mwachangu, chifukwa mukachedwetsa chowotchera pa kamwendoko mumasungunulanso pamene pagwira timawaya tofewa topita ku koyilo, waya wopiringizidwa wa mkati mwa sipika. Ndikatha ndimamangirira wayayo kukhoma la bokosi kuti kulemera kwake kusakoke powotchererapo, komanso kuti asamagunde pepala la sipika.

Za waya weniweniyo ndingonena chimodzi: palani pang'ono ndi mpeni musanagule. Mukaona mkati moyera, ameneyo ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Amataya mphamvu yambiri kuposa kopa weniweni ndipo amathyoka msanga pamene wamangidwa.

Masipika awiri a pa chinkhoswe aja ndikadali nawo. Ndinachotsa mbale ya timakilipi, n'kuika kathabwa kokhala ndi Speakon ziwiri pa bokosi lililonse, imodzi yolowera, ina yopitirizira ku sipika yachiwiri. Pochita zimenezo kumbukirani kuti masipika awiri a ma ohm 4 olumikizidwa motero amatsikira pa ma ohm 2, choncho yambani mwaona kaye kumbuyo kwa ampulifaya yanu ngati imalola.