Kampani yogulitsa nyumba ku Randburg: imatenga theka la komishoni, koma imaphunzitsadi

Munthu amene akuyamba kumene ntchito yogulitsa nyumba ku South Africa sangagwire payekha. Lamulo la Property Practitioners Act, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 February 2022, limafuna kuti wophunzira aziyang'aniridwa ndi ejenti wovomerezeka, komanso akhale ndi chiphaso cha Fidelity Fund Certificate chochokera ku PPRA, bungwe loyang'anira ntchito yogulitsa nyumba m'dzikomo, chifukwa wopanda chiphasochi saloledwa kulandira komishoni. Kampani yaing'ono ya ku Randburg, mu Johannesburg, kumene ndinayambira ntchitoyi, inandiyendetsera bwino zolembetsa zonsezi, ndipo inaona kaye ngati mapepala anga ondilola kugwira ntchito m'dzikomo anali olongosoka, nkhani imene Mmalawi aliyense sayenera kuipeputsa.

Kagawidwe ka ndalama n'kowawa. Pa komishoni iliyonse kampaniyi imatenga theka, palibe malipiro a pamwezi, mafuta a galimoto ndi mayunitsi n'zako, ndipo ndalamayo imabwera pokhapokha umwini wa nyumba ukasinthidwa ku Deeds Office (ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba), zomwe nthawi zambiri zimatenga miyezi iwiri kapena itatu wogula atasaina kale. Izi anayenera kumazifotokoza momveka tsiku loyamba, koma amangozitchula modutsa.

Komabe thekalo silipita pachabe, ndipo pamenepa ndi pomwe ndikuiyamikira. Mayi amene ankandiyang'anira ankapita nane kukaonetsa nyumba Lamlungu masana, ankandipatsa mpata woyerekeza ndekha mtengo poona nyumba zina zimene zagulitsidwa m'deralo, kenaka n'kundionetsa pomwe chiwerengero changa chinkasiyana ndi chawo. Anandiphunzitsanso kufotokozera mwininyumba chifukwa chake ayenera kudzaza fomu youlula zowonongeka za nyumba yake tisanayambe kuitsatsa, komanso kufunsa wogula mwaulemu ngati banki yamuvomera kale ngongole. Kampani imalipiranso zotsatsa pa tsamba la pa intaneti la Property24, kumene ogula ambiri amayambira kufufuza.

Makampani ena amalonjeza gawo lalikulu la komishoni, koma amalipiritsa desiki (malo ogwirira ntchito mu ofesi yawo) mwezi ndi mwezi, ndipo zimenezo zimakomera munthu amene ali kale ndi makasitomala ake. Kwa woyamba kumene amene wasungako ndalama zodyera ndi za lendi za miyezi ingapo, kampaniyi ndi yoyenera, bola apemphe kuti dzina la womuyang'anira ndi kagawidwe ka komishoni zilembedwe mu mgwirizano asanasaine.