Kamakina ka BP kaja, mwana wabadwa ndiye ndikuuzeni mmene kayendera

Azimayi anzanga ambiri mwakhala mukundifunsa ngati kamakina koyezera BP kamene ndinagula ndili woyembekezera kakugwirabe ntchito. Eya kakugwira bwinobwino, mwana wayamba kale kukwawa koma ine sindinakatsekere mu kabati ayi.

Ndi kaja komanga pamwamba pa chigongono, osati kovala ngati wotchi, anesi kusikelo anati kovala ngati wotchiko kamakonda kunama. Ndinkayeza mmawa ndisanamwe tiyi komanso madzulo, kukhala kaye phee pampando mphindi 5, mkono patebulo, osayankhula, kenako kuyeza kawiri, kulemba mu kope nkujambula kutumiza pa WhatsApp kwa anesi ena amene anavomera kuti ndiziwatumizira. Ndipo mukafuna kugula yambani mwapeza kaye munthu wakuchipatala woti aziona manambalawo, chifukwa inuyo panokha usiku mukuona 148/94 simudziwa kuti mugone kapena mudzutse abambo akunyumba, mumangoyeza nkuyezanso mtima uli phaphapha BP nkumakwererakwerera. Ine anandiuza momveka kuti 140/90 ndiye yakwera tidziwitseni, koma ikafika 160/110 musadikire yankho pafoni, nyamukani basi, bandulo ikhalepo isakhalepo.

Yanga inayamba kukwera mimba itadutsa miyezi 7 ine osamva kalikonse, mutu osapweteka, ndikuchapa zovala ngati masiku onse. Anandiitana, anayeza mkodzo kuona ngati muli protein, anandiyambitsa mankhwala otsitsa BP otchedwa methyldopa. Za mkodzozi kamakina sikangakuuzeni, ndiye musajombe kusikelo poti muli nako kunyumba. Pre-eclampsia, matenda oopsa a BP yokwera pa mimba amene amawafufuza mumkodzomo, imayamba mimba ikadutsa masabata 20 ndipo mutu ukamawawa osasiya, maso kuchita chidima, nkhope ndi manja kutupa, kapena kupweteka pansi pa nthiti kumanja, pitani ngakhale manambala akuoneka abwino.

Zovuta zilipo. Lamba wake anandichepera mkono utanenepa, ndipo lamba wothina amaonetsa BP yokwera kuposa yeniyeni, ndinachita kukagula wamkulu payekha. Mabatire 4 a AA, otchipa apamsika aja sachedwa kutha ndipo kamayamba kupopa mwaulesi nkulemba error. Komanso nkhani ikangomveka kuti muli ndi makina, apongozi, aneba, mpaka amayi a kutchalitchi onse amabwera kudzayezetsa, mabatire ogula ndinu.

Chimene ambiri sadziwa nchakuti BP imatha kukwera mutachira kale, makamaka sabata yoyamba ija muli kunyumba aliyense akungoyang'ana mwana. Yanga inakweranso nthawi imeneyo, anandisinthira mankhwala kundipatsa nifedipine, inadzatsika yokha pang'onopang'ono mpaka anandisiyitsa. Pano ndimangoyeza mwa apo ndi apo. Mukagula kanu pitani nako kusikelo akayeze ndi awo kenako ndi kanu muone ngati akugwirizana, kanga kankasiyana pang'ono chabe.