Ndinalipira katswiri wa mbalame, ananditumizira mnyamata wa sipika

Ndalola kuti padutse masabata atatu ndisanalembe ndemangayi, chifukwa ndikanalemba tsiku limene tinabwerako ndikanatulutsa mawu osayenera munthu wa msinkhu wanga. Ulendo wake ndi wokaona mbalame, womwe kampani ina yoyendetsa alendo imaulengeza nthawi zonse, wa masiku atatu ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba, ndipo ine ndi mayi a kunyumba tinalipiriratu K900,000 yawo ija tisananyamuke, kuphatikizapo K150,000 imene pa lisiti analemba kuti ndi ya katswiri wa mbalame. Galimoto inali yabwino, malo ogona anali aukhondo, chakudya chinali chokwanira, ndipo pa zimenezi ndilibe chodandaula. Mlandu wanga uli pa K150,000 imeneyo.

Ndikudziwa kuti ena adabwa kuti mphunzitsi wopuma ntchito akutayiranji ndalama pa mbalame pomwe pumbwa amabwera yekha pa mpapaya wa kuseri kwa nyumba. Ine ndinkafuna mbalame imodzi yokha, imene m'mabuku amaitchula kuti Thyolo alethe. Kukula kwake n'kofanana ndi pumbwa yemweyo, msana wake ndi wofiirira ngati dothi la katondo, pakhosi mpoyera, ndipo imakonda kukhala pansi mumdima wa nkhalango zowirira za m'mapiri kumene mvula imagwa yambiri. Asayansi anaipatsa dzina mu 1927 potengera phiri la Thyolo, limene azungu a nthawi imeneyo ankalemba kuti Cholo, ndipo padziko lonse lapansi imapezeka m'mapiri ochepa a kum'mwera kwa Malawi ndi ena a kumpoto kwa Mozambique monga Namuli, Chiperone ndi Mabu. Ndinaphunzitsa jogalafe zaka zambiri, kujambulira ana pabolodi nkhalango za ku Congo ndi ku Amazon, koma mbalame imene ili ndi dzina la boma loyandikana ndi kwathu ndinali ndisanaionepo. Zonsezi ndinawafotokozera mayi a mu ofesi yawo, pafoni komanso pa WhatsApp. Ndinawauzanso kuti ndasankha mwezi wa Novembala dala, popeza mvula ikamayamba mbalame za m'nkhalango zimaimba ndi kumanga zisa. Iwo anandiyankha kuti, "Musade nkhawa bambo, gaidi wathu amazidziwa mbalame ngati ana ake, ndipo adzakutengani ku Limbe 4:30 m'bandakucha."

Galimoto inafika nthawi itadutsa 8 koloko. Munatuluka mnyamata wa zaka za m'ma 20, atavala nsapato zoyera za mpira, n'kutiuza kuti katswiri uja watanganidwa. Pambuyo pake ndinamva kuti kutanganidwako kunali kupita ndi alendo akunja amene amalipira madola. Aliyense amene anayesapo kuonera mbalame za m'nkhalango akudziwa kuti maola awiri oyamba kukangocha ndiwo tsiku lonse, choncho pamene tinkafika ku Thyolo dzuwa litakwera kale, tsiku loyamba linali litatha lisanayambe. Tinayenda m'timagawo ta nkhalango timene tatsala m'mphepete mwa mitsinje pakati pa minda ya tiyi, tikuyang'ana phiri la Thyolo limene mitengo yake inadulidwa pafupifupi yonse m'zaka za kumapeto kwa m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, n'kusanduka minda. Ndinamva kulira kokoma ngati kwa chitoliro m'mwamba mwa mtengo wamkuyu, ndipo ndikukhulupirira kuti inali mbalame yotchedwa green-headed oriole, koma nditafunsa gaidi wathuyo anakweza mutu pang'ono n'kunena kuti ndi timba. Tsiku limenelo mbalame iliyonse yaing'ono inali timba, yaikulu iliyonse inali njiwa.

Tsiku lachiwiri, poti ndinali nditalankhula mwamphamvu usiku wake, tinalawirira ndipo tinalowa m'chigwa cha mtsinje wa Ruo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kukadali chisisira. Malowo ndi oti munthu amatsitsa mawu yekha popanda womuuza. Mitengo ya mkweranyani yatalika mpaka nthambi zake kugwirana pamwamba, anchima akudumpha kuchokera mtengo uwu kupita uwo, masamba ovunda akununkhira chinyontho, ndipo mbali zonse kuli timawu ta mbalame timene ndinali ndisanamvepo. Ndinali nditangoyamba kumukhululukira mnyamata uja za dzulo pamene anatsegula chikwama n'kutulutsa sipika, ya mtundu uja anyamata a kabaza amamangirira pa njinga, n'kuilumikiza ku foni yake. Anayamba kuimbitsa kulira kwa Thyolo alethe kojambulidwa, atakweza mpaka pamapeto, ndipo kukatha ankakubwezanso. Anachita zimenezi kwa mphindi pafupifupi makumi anayi, akuyenda uku ndi uku ataikweza sipikayo m'mwamba ngati wogulitsa malonda mumsika.

Kwa amene sakudziwa kuipa kwake, mbalame yaimuna ikamva kulira koteroko imayesa kuti mnzake walowerera malo ake, motero imasiya kudya ndi kusamala chisa n'kumakafunafuna mdani amene kulibe. N'chifukwa chake agaidi odziwa ntchito amaimbitsa motsitsa kwa kanthawi kochepa, ndipo ambiri sachita n'komwe nyengo yoswana pa mbalame imene yatsala yochepa chonchi. Nkhalango yonse inangoti zii. Kenaka foni ija inaitana ikadali yolumikizidwa, nyimbo ya kwaya n'kumveka chigwa chonse, anchima n'kuthawa. Ndinati, "Mphwanga, zimitsa chinthucho." Iye anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Bambo, abwana anandiuza kuti ndikaika imeneyi mbalameyo ibwera yokha." Mayi a kunyumba anandigwira dzanja, chifukwa amandidziwa.

Tinali ndi munthu wachinayi amene mpaka nthawi imeneyo anali asanalankhule kanthu, bambo wachikulire wa m'mudzi wapafupi amene anamulemba ganyu yonyamula madzi ndi chakudya chathu. Anatula katundu, n'kupempha kuti aone chithunzi cha mbalameyo m'buku langa. Atachiyang'anitsitsa anati, "Iyi ndi ija imayenda ndi linthumbu. Imeneyi saitana, aphunzitsi, amaitsatira kumene ikudya." Anatitsogolera kuchoka m'njira, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti ife tonse m'mawa wonsewo tinali titakweza makosi kuyang'ana m'mitengo pomwe iye maso ake anali pansi. Ankaima, kupendeka mutu, kumvetsera, kenaka n'kupitirira. Patapita mphindi ngati makumi awiri anakweza dzanja, ndipo nanenso ndinamva kaphokoso konga ka mvula yowaza ikamagwa pa masamba ouma. Linali linthumbu, litayala pansi malo aakulu kuposa mphasa zitatu, zikuluzikulu za mitu ija zitandanda m'mbali zitayasamula mano, ndipo patsogolo pake nkhululu, akangaude, mphemvu za m'tchire ndi tizilombo tina tikuthawa mosaona njira. Bamboyo anatiuza kuti tilowetse miyendo ya mathalauzi m'masokosi, anatikhazika pa chipika chakugwa cham'mbali mwa kumene linthumbulo linkalowera, ndipo ananong'oneza kuti mbalameyo sibwerera linthumbu lenilenilo koma tizilombo timene tikulithawa.

Kumudzi kwathu linthumbu timalimbana nalo ndi phulusa ndi moto usiku likalowa m'khola la nkhuku, koma tsiku limenelo ndinakhala nalo pafupi kwa ola lathunthu ngati mlendo wake. Lina linakwera n'kundiluma kuseri kwa bondo, ndipo sindikanatha kulimenya poopa kuchita phokoso, choncho ndinangoluma mano misozi ikulengeza. Poyamba kunabwera timbalame tina timene sindinatizindikire. Kenaka bambo uja anandikhudza paphewa ndi chala chimodzi, n'kuloza ndi mlomo. Inali itatera pa kanthambi kotalika kufika m'bondo, masitepe asanu kuchokera pamene tinakhala, pakhosi pake pakuwala mbee mumdimamo, miyendo yake yotuwa itagwira kanthambiko. Inkayang'ana pansi itapendeka mutu, kenaka inatsika mofulumira, kutola nkhululu, n'kubwereranso pamalo pomwepo, ndipo potembenuka ndinaona timadontho toyera ta kumapeto kwa chipsepse chake. Posakhalitsa inabwera inzake. Zinadya pamaso pathu pafupifupi mphindi khumi ndi zisanu, osatiwerengera n'komwe, moti mayi a kunyumba anatsitsa magalasi awo oonera patali chifukwa analibenso ntchito. Manja anga ankanjenjemera kwambiri kotero kuti pa zithunzi zonse zimene ndinajambula, chimodzi chokha ndi chimene munthu angazindikire kuti ndi mbalame.

Ndiyenera kunena chilungamo za mnyamata uja, chifukwa pamene ndinayamba kulemba ndinali nditakonza zomupatsa mlandu wonse. Ola lonselo anakhala pambali panga osagwedezeka ngakhale linthumbu linamulowa m'nsapato zake zoyera zija, ndipo mbalameyo itatera ndinamumva akupuma mokoka ngati mwana. Potsika anandiululira kuti ntchito yake yeniyeni ndi yoperekeza anthu okwera phiri kupita ku Sapitwa, kuti anamuimbira foni usiku woti ulendo ndi mawa, ndipo kuti anangomutumizira kulira kwa mbalame zingapo pafoni n'kumuuza kuti zikwana. Anapepesa, ndipo njira yonse ankawafunsa bambo aja mafunso n'kumalemba mayankho kuseri kwa lisiti la mafuta. Tsiku lachitatu ku Zomba anatigogodera yekha 4:30, sipika anaisiya m'galimoto, ndipo ndi iyeyo amene anayamba kuona yellow-throated apalis m'zitsamba za m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi, kambalame kachikasu kokhala ndi mzere wakuda pachifuwa ngati mkanda, kamene sikapezeka m'dziko lina lililonse kupatula Malawi. Chifukwa cha iyeyu ndi bambo wonyamula madzi uja, ndakweza nyenyezi zimene ndikuipatsa kampaniyi kuchoka pa imodzi kufika pa zitatu. Amene mukufuna kupita, malowo ndi oyenera ndalama zanu, koma muumirire kuti akulembereni dzina la gaidi ndi nthawi yonyamukira musanalipire, muwauziretu kuti simukufuna sipika, ndipo mutenge masokosi aatali okhuthala.

Za mu ofesi ndiye mtima wanga sunatsike. Ndinawafunsa bambo aja kuti alandira zingati pa tsikulo, ndipo ndalama imene anatchula siinkakwana ngakhale mtengo wa chakudya chamasana chimene anatinyamulira. Ndinawapatsa zonse zimene zinali m'thumba mwanga, ngakhale kuti malipiro awo enieni ndinali nditawapereka kale ku kampani pa dzina la katswiri amene sindinamuone nkhope. Nditabwerera ndinalembera mayi a mu ofesi aja kupempha kuti K150,000 ija andibwezere, kapena aipereke kwa munthu amene anagwira ntchitoyo, ndipo ndinawatumiziranso chithunzi changa chosaoneka bwino chija pofotokoza m'mene zinayendera. Yankho lawo linali lakuti, "Koma mbalameyo munaiona bambo, ndiye vuto lili pati?" Mauthenga anga atatu otsatira anawawerenga osayankha. Lamulungu lapitali mdzukulu wanga anandionetsa tsamba lawo la Facebook, ndipo chithunzi changa chija chili pamenepo popanda kundipempha, pansi pake atalemba kuti katswiri wawo wapezeranso makasitomala Thyolo alethe.