Google Earth, QGIS kapena kukwera minibasi: tiphunzitse bwanji za kukula kwa matauni?

Anzanga ophunzitsa jogalafe ku yunivesite, nkhani ya kukula kwa mizinda ndi kusintha kwa nyengo tisamangoiyambira ku Lagos kapena Mumbai ngati kuno ku Thyolo kulibe choona. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi okhala m'tauni ndi 16 pa 100 alionse, Blantyre inali ndi anthu pafupifupi 800,000, ndiye kuti mizinda yathu ikukula ophunzirawa akuona ndi maso awo.

Google Earth Pro, pulogalamu ya pakompyuta yoonetsa zithunzi za dziko zojambulidwa kuchokera m'mwamba, ndi yaulere ndipo sichedwa kumugwira mtima wophunzira. Mukadina kachizindikiro ka wotchi ka m'pulogalamuyi mumaona zithunzi za zaka za m'mbuyo, muwaonetse Chilobwe, nyumba zikukwera phiri la Soche mitengo ikutha, kenako muwakumbutse za Freddy wa Malichi 2023 pomwe matope ndi miyala zinatsika kukwirira nyumba, palibe amene angafunsenso kuti mvula yamphamvu ikukhudzana bwanji ndi kamangidwe. Koma imafuna netiweki, bandulo imathera pompo, komanso zithunzi zakale za madera akumudzi nzochepa, zina mitambo ya phiri la Mulanje yaphimba. Ndiye wophunzira amangoti kwasintha, kuti wanena ndi mahekitala angati ayi, pokhapokha ajambule malire ndi dzanja.

QGIS, pulogalamu yopangira mapu ndi kusanthula zithunzi za setilaiti, ndiye ntchito yeniyeni. Nayonso ndi yaulere, pamene laisensi ya ArcGIS, pulogalamu ina ya ntchito yomweyi, imafuna madola. Zithunzi za masetilaiti a Landsat zilipo kuyambira 1972 ndipo bungwe la boma la America la USGS linayamba kuzipereka ulere mu 2008, setilaiti ya ku Ulaya ya Sentinel-2 inabwera mu 2015. Mafayilo ake ndi olemera zedi koma mukadawuniloda kamodzi nkugawana pa fulashi basi, ngakhale netiweki ithawe kalasi ikupitirira bola laputopu ili ndi moto. Masabata oyamba ophunzira amadandaula, zoona ndi yovuta, koma akaidziwa apeza luso lopita nalo ku ntchito. Chondidetsa nkhawa ine ndi ichi: kabokosi kamodzi mwa timabokosi topanga chithunzi cha Landsat kamaimira mamita 30 mbali zonse, ka Sentinel-2 mamita 10, pamene nyumba zathu zambiri nzazing'ono, zina zofolera udzu, zili pakati pa chimanga ndi nthochi. Mu Okutobala dothi la m'munda wouma ndi malo omangidwa zimafanana, kompyuta nkuwerenga munda ngati tauni. Tiyi yekha ndiye savuta, amaoneka wobiriwira pafupifupi chaka chonse.

Nanga kupita pamalopo? Msewu wa Limbe kudzera Bvumbwe, Thyolo boma, Luchenza mpaka Chitakale ukuphunzitsa zomwe setilaiti singanene. Malo ambiri kuno ali m'manja mwa maesiteti a tiyi, anthu apanikizana m'mphepete mwa msewu ndi m'mapiri, ndiye tauni imakula motsata tala, golosale apa, renti apo, akabaza, uvuni wa njerwa womwe wadya nkhuni zosayamba. Wophunzira afunse a mfumu ndi a khonsolo kuti puloti amagawa ndani, afunse mayi wogulitsa tomato pa Bvumbwe kuti anachokera kuti ndipo anabwera liti, afunse agogo a ku Mulanje za napolo wa 1991 ku Phalombe ndi wa Freddy. Vuto ndi thiransipoti, kalasi ikakhala yaikulu mafuta ake si masewera, komanso tsiku limodzi silingakuonetseni zaka makumi atatu.

Ine maganizo anga, Google Earth ikhale ya sabata yoyamba yokha. Msana wa kosi ukhale QGIS, koma mapu alionse amene wophunzira wapanga asapatsidwe malikisi asanapite ndi foni ya GPS kukaona ngati pomwe kompyuta yati ndi nyumba palidi nyumba. Ndalama ikachepa dulani ulendo wa ku Blantyre, muwatume magulumagulu ku Goliati kapena Luchenza pa minibasi, nkokwanira.