Palamut ya ku Karaköy ndi yokoma, koma funsani kaye mtengo wa saladi

Anzanga amene mumapita ku Istanbul kokaoda zovala ku Laleli, tsiku limodzi tasiyani ma kebab aja mukalawe nsomba ina amati palamut, pa Chingerezi ndi bonito. Ine anandikokera ndi achimwene ena a ku Salima amene amatitumizira katundu, tinakwera tramu mpaka Karaköy kungowoloka mlatho wa Galata, unali mwezi wa Okutobala kamphepo kakuluma makutu.

Malo ake ndi kalesitilanti kakang'ono, timatebulo tothithikana, panja ayala nsomba pa mathireyi ofiira ndipo zopumira zija za m'mbali mwa mutu azitembenuzira kunja kuti uone wekha kufiira kwake, zikada ndiye kuti yagona imeneyo usagule. Nsombayi ndi yosalala ngati yapakidwa mafuta, kumsana kuli mizere yakuda yopendekera, kukamwa timano tosongoka chifukwa moyo wake ndi wothamangitsa hamsi, tinsomba tangati usipa wathu uja. Ndi ya banja limodzi ndi tuna ndi makerele, ndiye musayembekezere nyama yoyera ngati ya chambo ayi, iyi ndi yoderako, yolimba, ukaitafuna umachita kukayika ngati ndi nsombadi.

Anaidula mapisi ozungulira nkuwotcha pa makala, mchere basi, pambali anyezi wofiira ndi ndimu. Eee mafuta ake anthuni. Amachita kudontha pa makala nkumalilima, khungu lapsa bwino mkati muli mofewa, minga ndi yochepa. Chinasowa ndi nsima, buledi wawo ndi wabwino koma sagwira pamimba.

Achimwenewo ndi amene anandimasulira chifukwa chake amaumirira kuti tipite mwezi umenewu. Palamut imakwera kupita ku Black Sea nyengo yotentha ikamayandikira kukaswana ndi kudya, ndiye madzi akayamba kuzizira cha mu Seputembala imatsika yonenepa kudzera pa mpata wa Bosphorus wodutsa pakati pa Istanbul kulowera ku nyanja ya Marmara, asodzi amangoidikirira pa mpata pomwepo. Boma limatseka usodzi wa maboti akuluakulu kuyambira pa 15 Epulo mpaka 1 Seputembala kuti nsomba ziswane, iwo akuti zimawakumbutsa ku Mbenji kumene mfumu imatseka chilumba nyengo ya mvula, ndipo palamut yosakwana masentimita 25 siloledwa kugwidwa. Ikakula kwambiri imasintha ndi dzina lomwe, amati torik, imeneyo amaiika mu mchere nkukhala lakerda. Ndinalawa kapisi kamodzi, mchere wake unandiposa ine, mwina inu.

Tsono zimene sizinandisangalatse. Pa thireyi lina panali tina tating'ono toti ndikayeza ndi chikhatho changa ndimakayika ngati tafika pa muyezo uja, mnyamata woperekera anafuna kutipatsa timeneto awiri pa mtengo wa imodzi, achimwene anakana nkuloza yaikulu. Chachiwiri anatibweretsera saladi ndi madzi a m'botolo tisanaitanitse, ife nkumati ndi ulemu wa alendo, bilu pobwera zonse zalembedwa. Sizinali ndalama zoti nkulira nazo koma zimawawa, munthu wawerengera kale ma lira a tramu yobwerera. Utsi nawonso, jekete yanga inanunkha nsomba mpaka mu ndege.

Ndingapitenso? Eya, koma pakati pa Seputembala ndi Novembala pokha, miyezi inayo mutha kupatsidwa ya mu firiji yowuma ngati chigumu cha dzana. Ndipo iyi si nsomba yonyamula kuti ukadyere ku hotela mawa, imawonongeka msanga ndipo ikagona pofunda imatha kukutulutsa zidzolo ndi kukupweteketsa mutu ngakhale utaiphika bwanji. Idyereni pomwepo ikadali yotentha, muloze nokha imene mukufuna, saladi akabweretsa mufunse kaye kuti ndi zingati.