Tenti ya pa kaunjika ija itadutsa chiperoni ndi dzinja

Nditangogula tenti ya anthu awiri pa kaunjika ku Limbe, ndinalemba kuti ndi yopepuka, mitengo yake ndi ya aluminiyamu, ndipo munthu mmodzi amaimika yekha popanda womuthandiza. Ena munati tidikire kaye ikalawe chiperoni cha ku Mulanje ndi mvula ya Januwale. Zonsezo yaziona, ndipo ndikadali nayo. Chimene ndikufuna wogula tenti adziwe n'chakuti denga silivuta kwenikweni, povuta ndi pansi pomwe mumagona.

Za denga ndilibe nazo mawu ambiri. Pa phiri la Zomba, kufupi ndi damu la Mulunguzi, mvula inachezera usiku wonse koma nsalu yakunja sinadonthe. Tepi yomatira m'misoko yayamba kumatuka pangodya imodzi, basi.

Pansi ndi nkhani ina. Nthaka ikakhuta madzi, mukagwada m'tentimo bondo limatuluka lonyowa, chifukwa kulemera kwa thupi kumakankhira madzi kudutsa nsalu yomwe yaperepeseka. Timiyala ndi tizitsotso ta mitengo ya paini taboolanso timabowo tosaoneka, mpaka mutayang'anitsa nsaluyo padzuwa. Chinandithandiza ndi pepala lakuda la pulasitiki, lomwe lija timayala padenga tisanafolere udzu. Mulidule lichepereko pang'ono poyerekeza ndi pansi pa tenti. Likatulukira m'mbali limakolola madzi otsika padenga n'kuwalowetsa kunsi kwanu, ndiye mwadziitanira dziwe.

Ku Mulanje mu Juni, pafupi ndi nyumba yogonamo ya Chisepo, m'mawa mumapeza nsalu yakunja ili chinyontho chokhachokha mkati mwake, ngakhale mvula isanagwe. Sikudontha kumeneko, ndi mpweya wanu womwe umene wakumana ndi nsalu yozizira. Timawindo tiwiri tapamwamba tizikhala totsekula ngakhale kuzizire bwanji. Mukatitseka pofuna kufunda, madonthowo amagwera pa chofunda mbandakucha, nthawi yomwe mukufuna kudzuka mouma kuti muyambe kukwera Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, chifunga chisanatseke njira.

Zikhomo zomwe zinabwera ndi tentiyi n'zofooka. Malo ambiri m'phirimo dothi ndi lochepa, pansi pake ndi thanthwe, ndipo chikhomo chimangopindika mukachikhoma. Wotilondolera njira anandionetsa kumanga chingwe pa kamwala kakang'ono n'kutsamiritsa mwala waukulu patsogolo pake. Mphepo ya usiku inawomba mwamphamvu, tenti inagwedezeka koma sinasunthe. Miyalayo muzibwezeretsa pamene munaitenga.

Ndinene mosabisa: amene cholinga chake ndi Mulanje yekha asathamangire kugula tenti. Ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi kwina kuli nyumba zogonamo, zokhala ndi mlonda komanso pokolezera moto. Ine ndimaimika tenti pambali pa nyumbazi kukadzaza anthu, kapena ndikafuna kugona pandekha. Ndipo tenti yonyowa imalemera kwambiri kuposa youma. Pa chikweza chochokera ku Likhubula, wolemedwa ndi m'bale wathu wonyamula katundu uja, choncho pogwirizana malipiro muzikumbukira zimenezo.

Chinthu chimodzi chimandiwawa mumtima. Phiri la Mulanje linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma lero mumayenda mtunda wautali mukuona zitsa za mkungudza, mtengo wa fuko lathu, ndi malo akuda opsa ndi moto wolusa wa m'chilimwe. Kukhala ndi tenti kumakopa munthu kuti agone paliponse n'kusonkha moto wakewake. Musatero. Phikirani pa moto wa m'nyumba yogonamo, ndipo zitini ndi majumbo anu mutsike nazo.

Kumene tentiyi yandipindulira kwambiri ndi ku Zomba ndi ku Nyika. Ku Zomba mumagona pamalo omangapo matenti, m'mawa n'kuyenda wapansi kukafika ku Emperor's View kapena ku Chingwe's Hole, madzulo n'kubwerera. Chakudya musasiye panja kapena pakhonde la tenti, anyani sachedwa. Ku Chelinda, pamalo ogona alendo ku Nyika, pa mtunda woposa mamita 2,000, udzu umadzuka utayera ndi chisanu mu Julayi, ndipo tenti imangokutetezani ku mphepo, siifunditsa. Kuzizira kumachokera pansi. Bulangete lachiwiri limathandiza kwambiri mukaliyala kunsi kusiyana ndi kulifunda, ndipo kamatiresi ka siponji n'kofunika kuposa juzi yowonjezera.

Zipi ya pakhomo inayamba kutsegukira kumbuyo fumbi la mu Okutobala litalowa m'mano ake. Kupaka kandulo kunathandiza kwa kanthawi, kenako telala wa pamsika anasintha kamutu kokokera kaja pa mtengo wochepa, ndipo ikuyenda bwino. Neti yotchinga udzudzu ikadali yonse. Mukafika kunyumba muiyanike pamthunzi mpaka iumiretu musanaipinde, apo ayi imachita nguwi ndipo fungo lake silichoka. Dzuwa la masana limafoola nsalu yake, n'chifukwa chake mbali imodzi ya yanga yasuluka mtundu.

Kodi ndingaigulenso? Inde, pa mtengo wa kaunjika. Koma musalipire musanaitambasule pomwepo, wogulitsa achite kudandaula. Muwerenge mitengo yake ngati yakwana, mukoke lasitiki ya mkati mwake kuti muone ngati ikadali yolimba, muyendetse zipi iliyonse kawiri, kenako munyamule nsalu yapansi muyang'anitse padzuwa. Mukagwira mkati mwa nsalu n'kumva kunanda m'zala, kapena mukaona tizinthu toyera tikusupuka, ndiye kuti utoto wotchinga madzi unatha kale. Imeneyo isiyeni, palibe telala angaikonze.