Madzi a pampopi pa Mangochi boma: mmene ndawaonera pakhomo panga

Alendo ochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe akafika pakhomo panga, ndikawapatsa kapu ya madzi amayamba ayiyang'ana kaye, kenako amafunsa ngati madziwo ali a m'nyanja. Ndimawayankha kuti inde, chifukwa madzi a m'tauni muno amapopedwa mumtsinje wa Shire, umene umatuluka m'nyanja ya Malawi n'kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera kunyanja ya Malombe. Komabe madzi otungidwa ndi ndowa padooko ndi osiyana kwambiri ndi otuluka pampopi, pakuti a pampopi amayamba athiridwa mankhwala okhazikitsa matope pansi, n'kusefedwa, kenako n'kuthiridwa kolorini wopha tizilombo. Ndakhala ndikumwa madziwa kwa zaka zingapo tsopano, ine ndi ana anga, ndipo ndikulemba zimene ndaona ndekha.

Masiku ambiri madziwa amatuluka oyera ndiponso okoma pakamwa. Aliyense amene anamwapo madzi a m'mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja, amene amamveka mchere ndipo sachita thovu msanga pochapa, angavomereze kuti a pampopi ndi opepuka, ndipo tiyi wake amakoma. Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa anzanga oyandikana nawo nyumba ndi la fungo la mankhwala, makamaka m'mamawa, moti ena amasiya madzi m'ndowa yosavundikira usiku wonse kuti fungolo lithe. Pamenepa sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi azifika pampopi akadali ndi kolorini wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita imodzi, ndipo kafungo kameneko ndiye umboni woti mankhwalawo sanathere m'njira. Ife a ku Mangochi sitiyenera kuchita kukumbutsidwa za kufunika kwake. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. M'miyezi imeneyo, tikuyika maliro motsatizana, ndinkayamika ndikatsegula mpopi n'kumva fungo la kolorini.

Nthawi zina madzi amatuluka otuwa ngati mkaka, ndipo ambiri amaganiza kuti mankhwala achuluka. Umenewo ndi mpweya chabe wolowa m'mapaipi. Mukawasiya m'kapu kwa mphindi zochepa amayera kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo alibe vuto.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi madzi oyamba kutuluka mpopi ukakhala kuti unauma. Amabwera ofiira, nthawi zina ndi timchenga, ndipo mukawasiya mumtsuko mumapeza nsenga pansi. Nyengo ya mvula vutoli limakula chifukwa mtsinje nawo umakhala utadetsedwa ndi matope, ndipo kolorini sagwira bwino ntchito m'madzi amatope. Palinso china chimene ambiri sitichiganizira. Paipi ikakhala yodzaza, mphamvu ya madzi imakankhira kunja, kotero kuti ngakhale itaboola penapake, zonyansa sizilowa. Koma ikakhala yopanda kanthu, madzi a m'nthaka amalowera pamalo obooka paja. Dothi la kuno ndi lamchenga, madzi ali pafupi ndi pamwamba, ndipo mabanja ambiri timagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, nthawi zina patali pang'ono chabe ndi pamene padutsa paipi. M'chaka cha 2024, nyanja itasefukira n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa madzi, ndinkaganiza kwambiri za zimbudzi zimene zinamira pamodzi ndi mapaipi. Mumsewu wathu paipi inaphulika n'kukhala ikutaya madzi masiku angapo ngakhale tinali titakanena kwa oyang'anira madzi a m'mipopi, ndipo panthawi yonseyo ndinkawiritsa madzi akumwa. Anadzaikonza bwino ndithu, koma kuchedwa kotere pa nkhani ya madzi akumwa sikoyenera.

Kuuma kwa mipopi nthawi zambiri kumayendera limodzi ndi kuzima kwa magetsi, popeza makina opopera madzi amadalira magetsiwo. Tinaziona bwino namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kuno munthu sungakhale tsiku lathunthu osasamba, mpopi ukauma amayi ndi ana amanyamula zigubu kulowera kumtsinje, kumene kuli likodzo ndi ng'ona, ndipo madzi amene amabwera nawowo sanathiridwe mankhwala alionse. N'chifukwa chake kwa ine kudalirika kwa mpopi ndi mbali ya chitetezo cha madziwo. Ndiyamikire pano ntchito yopopa madzi ku Nkhudzi Bay, imene inadzetsa mkangano chifukwa thanki yake inamangidwa paphiri la m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park. Abale anga a m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, amene ankamwa madzi a m'nyanja osathira kanthu, tsopano ali ndi potunga madzi abwino.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikanakonda chitasintha msanga. Bungwe loona za miyezo ya zinthu la Malawi Bureau of Standards lili ndi muyezo wa madzi akumwa wotchedwa MS 214, ndipo lamulo lodziwika konsekonse ndi loti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka E. coli, kamene kamapezeka m'chimbudzi, ngakhale kamodzi. Ife olipira mabilu mwezi ndi mwezi tiyenera kumaona zotsatira za kuyeza kumeneku, kaya pachikwangwani, pawailesi ya m'dera kapena kuseli kwa bilu, zolembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao. Chimodzimodzinso, uthenga wa pafoni wotichenjeza kuti madzi asiya mawa ungathandize mabanja kutungiratu, m'malo mothamangira kudooko.

Tsono mlendo akandifunsa ngati angamwe madzi a pampopi pa Mangochi, ndimamuuza kuti amwe mopanda mantha ngati akutuluka oyera ndipo akumveka kafungo ka mankhwala. Ngati mpopi unauma, ndimatsegula kuti oyambirirawo atuluke mpaka ayere, ndipo ofiirawo timathirira mbewu kapena kukolopera m'nyumba. Madzi akumwa a tsiku limenelo ndimawawiritsa, kapena ndimathira kachivundikiro kamodzi ka mankhwala a kolorini a WaterGuard m'ndowa ya malita 20 n'kudikira mphindi 30. Ndowa yathu ya madzi akumwa ili ndi chivundikiro komanso kampopi pansi, kuti ana asamaviikemo kapu ndi manja pochokera kosewera, ndipo timaitsuka ndi sopo tisanathiremo madzi ena.